Simenti ya 32.5 kapena ya 42.5, ndigule iti?

FUNSO: Akulu, ine ndikumanga nyumba ya zipinda zitatu, pano tangomaliza kukumba faundeshoni. Mmisiri wanga akuti ndigule simenti ya 42.5 yokhayokha kuyambira pansi mpaka pulasitala, pomwe alamu anga akuti 32.5 ndiyokwana, mmisiriyo akungofuna kundiwonongetsa ndalama. Ineyo manambalawa sindikuwamva, matumba onse ndi a 50 kg, ufa wakenso ndi wotuwa chimodzimodzi. Ndimvere ndani? Mayi wosokonezeka.

YANKHO: Mayi, onse awiriwo agwira mbali imodzi imodzi. Nambala ili pathumbayo ikunena mphamvu imene simentiyo iyenera kufika pakatha masiku 28, amaiyeza mu ma MPa (muyeso wa mphamvu yopirira kukanikizidwa), amaumba timabuloko toyesera nkumatikanikiza ndi makina mpaka titaphwanyika. Ndiye 42.5 ndiyamphamvu kuposa 32.5, ilinso ya 52.5 koma imeneyo isiyireni omanga milatho ndi nyumba zitalizitali zosanja. Pafupi ndi nambalayo mupezanso chilembo N kapena R. N imalimba mwachizolowezi, R imagwira msanga masiku oyambirira, nchifukwa chake oumba mabuloko amaikonda poti safuna kudikira nthawi yaitali asanawanyamule.

Nanga kusiyanaku kumachokera pati? Simenti imayambira ku klinka, miyala ya laimu ndi dongo zowotchedwa mu ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1450, kenako nkuzipera pamodzi ndi jipisamu (mwala wofewa woyera) pang'ono kuti isamaume muli mkati mokanda. Dzina loti Portland mumaliona pathumba lija linabwera ndi Joseph Aspdin wa ku England mu 1824, poti ikauma inkafanana ndi mwala wa pachilumba cha Portland. Thumba lolembedwa CEM I ndi klinka pafupifupi yekhayekha, 95 pa 100 kapena kuposa. CEM II amasakanizamo zina mpaka 35 pa 100, monga laimu wopera, phulusa la malasha, kapena zotsalira posungunula chitsulo. Anthu ena akamva zimenezi amati aaa ndiye kuti ndi ya feki, ayi ndithu, simenti yosakaniza imalimba pang'onopang'ono koma imakafika, sitentha kwambiri pouma ndiye ming'alu imachepa, komanso imakandika bwino pa fosholo. Aroma akale ankathira phulusa la phiri lophulika mu laimu ndipo zina zomwe anamanga zilipobe mpaka lero.

Tsopano kunyumba yanuyo. Pomwe pali konkire yonyamula katundu, ndikunena mapilala, lintala, bimu yozungulira pamwamba pa khoma, silabu, apo mmisiri wanu akunena zoona, gulani 42.5 ndipo musanyinyirike. Koma matope omangira njerwa ndi pulasitala, 32.5 ndiyokwana bwinobwino, alamu anu asakupepeseni. Ndipotu pulasitala wa simenti yamphamvu yothira mowolowa manja ndi amene amang'ambika tizimizere ngati ukonde wa kangaude, chifukwa amakhwinyata akamauma pomwe khoma lili phee. Matope sayenera kulimba kuposa njerwa zomwe akugwira. Faundeshoni ya nyumba yosasanja pa dothi labwino imatheka ndi 32.5, koma ngati muli ndi maganizo odzasanja mtsogolo kapena dothi lake ndi lamakande, funsani injiniya musanathire kalikonse, zimenezo sizoyankhira m'magazini.

Chenjerani ndi matumba olembedwa MC kapena 22.5X. Imeneyo ndi simenti yomangira njerwa ndi kupaka pulasitala basi, isayandikire pilala kapena silabu olo wogulitsa akunyengerereni bwanji.

Chomwe chimandipweteka ine nchoti anthu amakangana za nambala kenako nkulola anyamata kuthira madzi mbweee mu konkire kuti isavute kukanda. Madzi ochulukawo akauma amasiya timabowo, 42.5 yanu yodula ija nkusanduka yofooka kuposa 32.5 yokandidwa bwino. Mchenga ukhale woyera wopanda dothi, ndipo mukathira konkire muziithirira madzi masiku osachepera 7, simenti yosakaniza ija onjezeraniko masiku. Simenti imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi osati chifukwa cha dzuwa.

FUNSO: Ndinagula matumba 20 miyezi isanu yapitayo, pano ena ali ndi zibuluma. Ndingagwiritsebe ntchito? Komanso ndikufuna kumanga thanki ya zonyansa za mchimbudzi, simenti wamba ikwana? Bambo wina wowerenga.

YANKHO: Bambo, finyani chibulumacho ndi zala. Chikafumbutuka, simentiyo ingagwirebe pa ntchito zopepuka ngati kakhonde kapena kanjira, koma mphamvu yatsikako ndiye isapite mu lintala. Chikakhala gwa ngati mwala, yamwa chinyezi, yatha imeneyo. Ulendo wina gulani yoti ithe pasanathe miyezi itatu, muisanje pa matabwa, isakhudze pansi kapena khoma.

Za thankiyo, madzi onyansa komanso dothi lamchere wa salufeti zimadya konkire wamba pang'onopang'ono. Pali simenti yopangidwira zimenezo, pathumba pamalembedwa SR, mukaisowa tengani yosakaniza ndi zotsalira za chitsulo kapena phulusa la malasha, konkire yake ikhale yothina yamadzi ochepa, ndipo zitsulo zikwiririke bwino mkati.