Hypnosis, chikepe ndi mpando wakumbuyo wa minibasi

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Adokotala amuuza kuti akajambulidwe m'makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi munthu atagona m'kamphako kopanikiza, koma iye amaopa malo opanikizika moti ngakhale chitseko cha kubafa satseka. Akufunsa ngati hypnosis, njira yolunjikitsa maganizo pa chinthu chimodzi kuti thupi limasuke, ingamuchize. Mayi, mwandikanda pachilonda.

Zanga zinayambira m'chikepe cha nyumba ina yosanja m'tauni muno. Magetsi anathima ndili ndekha, mdima bii. Akuti zinatenga mphindi khumi zokha. Mtima unkagunda ngati ng'oma ya beni, zala dzanzi, ndipo ndinkakhulupirira kuti mpweya watha. Ndinadzamva mochedwa kuti m'chikepe mpweya umalowa bwinobwino. Chizungulire chija ndinkadzipatsa ndekha popuma mothamanga, zomwe zimachepetsa m'magazi carbon dioxide, mpweya womwe timatulutsa popuma.

Kenaka mantha anasamukira m'minibasi. Ku Limbe ndinkasiya minibasi zitatu zikupita, kudikira mpando wakutsogolo. Kondakitala wina anachita kundifunsa kuti, "Achimwene, mukudikira yanuyanu?" Azakhali anga a ku Ndirande anagamula msanga kuti ndalodzedwa ndi anzanga akuntchito. Nditatchula za hypnosis anati tsopano ndikufuna kuzimitsa moto ndi petulo.

Hypnosis si ufiti ayi. Dzinali linatchuka ndi dokotala wina wa ku Scotland, James Braid, yemwe ankagwira ntchito ku Manchester ndipo analemba buku lake mu 1843. Analitenga ku mawu a Chigiriki otanthauza tulo, ngakhale munthu sagona konse. Umamva zonse, maganizo amangolunjika pa chinthu chimodzi, thupi n'kumasuka. Ndinkamvetsera zoterezi pa YouTube usiku uliwonse, ndipo zinandiphunzitsa kupuma mofatsa. Pamenepo ndikuyamikira. Koma kuchiza? Sizinandichize. Ndipo amene amalonjeza pa Facebook kuti akuchotsani mantha tsiku limodzi mukalipira, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Chinandithandiza ndi chomwe akatswiri a maganizo amalimbikitsa: kuyandikira chimene ukuchiopacho pang'onopang'ono, osathawa mpaka mtima utakhazikika wokha. Ndinayamba ndi mzere wachiwiri, pawindo, kuchoka pa Chichiri kukatsika pa Ginnery Corner. Patatha milungu ingapo, mzere wachitatu. Tsiku lomwe ndinakhala kumbuyo kwenikweni, anayi-anayi, thumba la makala pamapazi ndi mwana wa eni pamiyendo, ndinatsika thukuta kamukamu koma ndikuseka ndekha.

Nanga za MRI ija?

Auzeni ojambulawo za mantha anu tsiku lisanafike, musachite manyazi. Amakupatsani kanthu kofinya m'manja mukafuna kuti aimitse, ndipo mumamvana nawo muli mkatimo. Makinawo ndi otsegula mbali zonse ziwiri, koma amasokosera, choncho pemphani zotseka m'makutu. Tsinzinani musanalowe. Zikavuta, adokotala angathe kukupatsani mankhwala okhazika mtima pansi. Hypnosis yesani ngati chothandizira kupuma. Koma kuyambira madzulo ano, tsekani chitseko cha kubafa chija kwa mphindi imodzi, mawa ziwiri.