Kodi asiye sayansi poti USAID idatsekedwa?

"Ndili chaka chachitatu ku MUST, ndikuphunzira za tizilombo toyambitsa matenda," walemba mtsikana wina wa ku Luchenza. "Ndinkafuna kukapitiriza maphunziro ku America. Bambo akuti poti Trump adatseka USAID kafukufuku watha, ndisiye sukulu ndikawathandize kugolosale. Nditani?"

Kuyambira 2025 makalata otere andichulukira.

Ndiyambe ndi inu, bambo. Mwavutika ndi fizi zaka zitatu, lero mukufuna kumukhazika pakauntala azigulitsa sopo chifukwa cha nkhani ya pa wailesi? Zimenezo ayi. Andale kusokoneza sayansi sikunayambe lero. Mu 2008 boma la Bingu litasiya Taiwan n'kupalana ubale ndi China, madokotala a ku Taiwan adachoka pachipatala chachikulu cha Mzuzu. Koma ubale watsopanowo ndiwo udabweretsa ngongole yomangira MUST ku Ndata, komwe mwana wanuyo akuphunzira. Mu 2021 Britain nayo idadula thandizo lake, kafukufuku wambiri adaimira panjira. Malungo ndi kolera zidatha kodi?

Tsopano iwe mwanawe, usaganize kuti ndakuikira kumbuyo pa zonse. Kalata yako yonse ikunena za America, koma sunatchule ngakhale labu imodzi yomwe udagwirako ntchito patchuthi. Ndikuuze mosapsatira: viza ya kumeneko yavuta, mipata ya sikolashipu ndi yochepa, ndipo digiri yokha siikutengera kulikonse. Kudalira dziko limodzi kuli ngati kulima chimanga chokha chaka cha ng'amba.

Yang'ana pafupi. Ku Mimosa ku Mulanje kuli Tea Research Foundation of Central Africa. Kuyambira 1966 akhala akupanga mitundu yatsopano ya tiyi ndi kulimbana ndi matenda ake, ndipo ntchito yawo imadalira kwambiri alimi a tiyi eni ake, osati chisankho cha ku Washington. Ku Bvumbwe kuli malo a boma ofufuzira zaulimi. Ku Blantyre kuli ofufuza zaumoyo a Malawi-Liverpool-Wellcome, omwe adayesa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, katemera amene boma lidayamba kubaya ana m'dziko muno mu 2023. Ndalama zidachokera kunja, inde, koma oyenda m'makwalala a Ndirande kufotokozera makolo, otenga magazi, osunga mayina pakompyuta, anali Amalawi. Obwera ndi ndalama amasintha, koma aliyense akafika amafunsa funso lomwelo: ndani pano amaidziwa ntchito?

Choncho lembera malo onsewa sabata ino, upemphe kukaphunzira ntchito patchuthi ngakhale asakulipire. Uphunzire kusanthula manambala pakompyuta, chifukwa ambiri a inu mumakuthawa. Ukamaliza digiri, ufunsire malo opitiriza maphunziro ku South Africa, Kenya, India ndi Germany, usaiwale mayunivesite athu a KUHeS (ya zaumoyo) ndi LUANAR (ya zaulimi). Ku America ufunsirenso ngati ukufuna, bola kusakhale kokhako.

Mwayi ulipo, ngakhale si waukulu monga unkaganizira. Kugolosale uziwathandiza bambo Loweruka.