Musadine linki imeneyo, ndi akuba

Achimwene, musadine. Imelo yonena kuti akaunti yanu ya Steam (sitolo ya magemu a pa kompyuta) itsekedwa pakatha maola 24 ndi msampha basi, pamodzi ndi linki yomwe ili m'menemo. Valve, eni ake a Steam, sapempha pasiwedi kapena kodi ya Steam Guard (manambala ndi zilembo zotetezera akaunti polowa) pa imelo.

Inenso inandipeza. Chizindikiro cha Steam chinalipo bwinobwino, koma nditayang'anitsitsa adiresi ndinaona kuti alemba "steamcommnunity", ka n kena kobisala pakati. Masamba enieni ndi steamcommunity.com ndi store.steampowered.com. Mnzanga wina sanakaone kachilembo kameneka. Analemba pasiwedi, anaperekanso kodi ija, kutacha akaunti ili m'manja mwa ena, imelo yolowera atasintha kale. Za maola 24 zija akubawa amaikira dala kuti mtima uthamange, musaganize.

Ngati mwadina kale, sinthani pompano pasiwedi ya Steam ndi ya imelo yanu, ndipo zisafanane. Kenako mutulutse zipangizo zonse zolowera pa Steam Guard. Akaunti ikalandidwa, lembani nokha help.steampowered.com mukadandaule kumeneko. Ngati munalembapo nambala za khadi, imbirani banki yanu lero lomwe aitseke.