Yankho: Wi-Fi ya pa bolodi lanu sikufika patali chifukwa cha pomwe mwaika antena

Mwafunsa chifukwa chake module yanu ya ESP32 (kachipangizo kamagetsi kokhala ndi Wi-Fi), yomwe mwaika pa bolodi lanu lolumikizirapo zipangizo zamagetsi, ikumataya netiweki mukangotuluka m'chipinda, chonsecho pa bolodi loyesera inkagwira bwinobwino. Yambani mwayang'ana antena.

Module ikhale m'mphepete mwa bolodi, antena itatulukira kunja. Zikakanika, pansi pa antena pasakhale kopa (mkuwa) ngakhale pang'ono pa layer iliyonse ya bolodi, kaya ndi ground (kopa wobwererapo magetsi), kanjira ka siginolo kapena via (kabowo ka kopa kolumikiza ma layer). Kopa wapafupi amasuntha frequency ya antena kuchoka pa 2.4 GHz, ndiye mphamvu yambiri imabwerera m'chip m'malo mopita mumlengalenga. Siyani mpata wa mamilimita 15 pakati pa antena ndi masikulu, mawaya kapena chitsulo cha bokosi. Batire ya lithium ndiyo anthu amaiwala kawirikawiri, poti amaimata pomaliza, mwina pamwamba pa antena penipeni.

Kenako phokoso lamagetsi, lomwe limasokoneza siginolo. Buck converter (chotsitsa voteji) ndi inductor (koyilo) yake zikhale kumapeto kwina kwa bolodi, ndipo ground isadukeduke pansi pa module. Pafupi kwambiri ndi pini ya 3.3 V ikani ma capacitor (tosunga magetsi kwakanthawi) awiri, wa 10 µF ndi wa 100 nF, chifukwa potumiza deta ESP32 imakoka mphamvu modzidzimutsa. Magetsi anu azitha kupereka 500 mA, apo ayi imangodzizimitsa nkuyambanso.

Ngati mukugwiritsa ntchito antena yakunja, kanjira kake kakhale ka 50 ohm, kafupi, kopanda ngodya zakuthwa, ma via a ground atandandalika mbali zonse ziwiri. Yesaninso RSSI (muyeso wa mphamvu ya siginolo yolandiridwa) bokosi litatsekedwa, chifukwa ngakhale pulasitiki imatsitsako frequency ya antena.