Mashelefu a m'boti si a pabalaza ayi

Achimwene ena a ku Nkhata Bay anditumizira imelo, akuti agula boti lamatabwa lokhala ndi kachipinda kutsogolo, amanyamula katundu kupita ku Usisya, ndiye akufuna mashelefu mkatimo. Akufunsa ngati paini angachite, kapena angogula shelefu yopangapanga kuno ku Mzuzu nkukaikhomeramo.

Achimwene, yopangapangayo muiwale. Funso lanuli landifika pamtima chifukwa malume anga anali kalipentala, ine ndakula ndikuwagwirira tepi ndi kusesa utuchi. Kunabwera bambo wina mwini boti, wandalama zake ndithu, amafuna kabati yaitali yagalasi ngati ija amaikamo mbale za alendo, ati boti lioneke lapamwamba. Malume anamuuza kuti bwana nyanja siidziwa zapamwamba, iye nkukwiya, nkupita kwa mnyamata wina yemwe anangoti chabwino bola ndalama. Mwera utayamba mu June zonse zinakhuthukira pansi, galasi phwaa, shuga kusakanikirana ndi mafuta ophikira, kabatiyo nkuzuka ndi misomali yomwe kutsala pang'ono kuthyola mwendo wa mnyamata wa pa injini. Anabwerera kwa malume ali chete, ndipo malumewo sananene kanthu, anangokweza mtengo basi.

Ilala yomwe ija, chisitima chachitsulo chomwe chakhala panyanjayi kuyambira 1951, mwera ukavuta anthu amasanza mmenemo, ndiye kuli bwanji kaboti kanu? Ine kalipentala amene sanakwereko boti sindingamulole kukhoma kanthu m'boti, olo akhale ndi mapepala a kusukulu ya ntchito zamanja, olo akhale mlamu wanga.

Ndiye nkhani ya paini imandiwawa payokha. Chikangawa ili pakhomo pathu pompa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 yomwe anadzala ndi maganizo a fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe nkomwe, koma lero kupeza thabwa louma bwino mu town muno ndi ntchito. Moto chaka ndi chaka, kudula mitengo yosakhwima, thabwa kulicheka lero mawa lili kale pamsika likudontha madzi, wogulitsa nkumalumbira kuti lauma. Ndi nyengo ya Mzuzu yamvula yowazawaza iyi liuma liti? Mukalikhoma laliwisi limapindika, mipata imatseguka, chuku nkuyamba. Ena akuuzani kuti gulani mlombwa kapena mbawa. Zoona zimapirira chinyezi, koma nzodula, nzolemera, komanso mitengoyo yatha ndi ife tomwe, kuikira sopo ndi machesi mpaka mlombwa? Ayi ndithu.

Tsono chochita

Paini angachite bola akhale wouma, muyanikeni pamthunzi mutaika timitengo pakati pa matabwa kuti mphepo izidutsa. Mukapeza marine plywood, plywood yopangidwa kuti izipirira madzi, ndiye bwino koposa. Khoma la boti ndi lokhota, ndiye yambani mwadula katoni mpaka igwirizane ndi khomalo, kenako mujambulire pathabwa. Mangirirani ku nthiti za boti, osaboola matabwa okhudza madzi, ndipo gwiritsani ma screw a stainless kapena a brass chifukwa misomali wamba imachita dzimbiri msangamsanga. Shelefu iliyonse ikhale ndi kathabwa kotchinga kutsogolo, masentimita 5 kapena kuposerapo, ndipo pamabotolo onjezerani chingwe kapena labala wa chubu. Kumbuyo siyani kampata ka mpweya. Vanishi kapena penti pakani mbali zonse musanakhome, makamaka kumapeto komwe mwacheka chifukwa ndi komwe kumamwa madzi.

Zolemera zonse pansi, mbali ziwiri zonse mofanana, mmwamba muzingoika zovala ndi ma life jacket poti muzitha kuwatenga mwachangu. Zigubu za petulo zokha musazipangire shelefu mkachipindamo, zikhale panja podutsa mphepo, kutali ndi batire komanso mbaula.