Timadzi tanga tikuphwera mu labu, nditani?

FUNSO: Ndine wophunzira wa chaka chomaliza, ndikupanga risechi ya mabakiteriya. Ndimathira timadzi ma microlitre 100 mu pleti ya mabowo 96 nkuika mu incubator (kabati yotenthetsa yokuliramo mabakiteriya) pa 37°C, koma kukacha mabowo a m'mphepete amakhala ataphwera ndiye ma results akungosokonekera. Ndithandizeni chonde.

YANKHO: Pepani achemwali, zimapweteka zimenezi makamaka mutagwira ntchito tsiku lonse. Mabowo a m'mphepete ndi amene amakumana kwambiri ndi mpweya wouma ndiye madzi amasanduka nthunzi mwachangu, mchere ndi mankhwala otsalawo nkukhala okhathamira. Mabowo 36 ozungulirawo musaikemo sampulo, thiranimo madzi oyera bwino omwe aphikidwa mu autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha), inu mugwiritse 60 a mkatiwo basi, mutaya malo inde koma zotsatira zake mudzazikhulupirira. Kenako kulungani m'mbali mwa pletiyo ndi Parafilm (kapulasitiki kotanuka kotsekera zinthu mu labu), pletiyo muiike mu kabokosi kotseka momwe mwayalamo tishu yonyowa. Chitseko cha incubator musamangotsegulatsegula.

Mukadzafika pa PCR (njira yochulukitsira DNA mu makina otenthetsa), nakonso timadzi timatha kuphwera, ndiye onetsetsani kuti chivindikiro cha makina chatenthetsedwa mpaka 105°C, ngati ndi makina akale dontho limodzi la mafuta a mineral oil pamwamba pa sampulo limakwanira.