Nyenyezi inazima, koma nthawi inatitayika

Achimwene, wotchi ya pa kompyuta yokha musayidalire ngakhale pang'ono, ndipo ndikulemba izi mtima ukundiwawabe, chifukwa ndinataya kadamsana wa nyenyezi amene ndinamudikira miyezi itatu pa nkhani yomweyi.

Chimene tinkasaka usiku umenewo chinali chimodzi mwa zinthu zamadzi oundana zija zimene zimazungulira dzuwa kuseri kwa Neptune. Inu mukudziwa kale kuti matelesikopu athuwa sangachione chinthucho, ndipo chimene timaona ndi kuzima kwa nyenyezi basi, pamene chinthucho chikudutsa kutsogolo kwake n'kuiphimba. Mthunzi wa chinthucho umadutsa padziko pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, choncho wotchi ikalakwitsa ndi masekondi awiri okha, mzere wanu wasuntha ndi makilomita 40. Mzerewu ndi muyeso wodutsa mu mthunziwo umene umachokera ku nthawi imene nyenyezi yazimira ndi imene yabwererera, ndipo mizere ya oonera m'malo osiyanasiyana ikaphatikizidwa imasonyeza kukula ndi maonekedwe a chinthucho.

Tinali awiri, ine pa telesikopu ndi kamera, mnzanga pa kachipangizo ka GPS kamene kamadinda nthawi pa chithunzi chilichonse. Ndinaipeza nyenyeziyo kutatsala ola lathunthu, kanyenyezi kofooka kobisala pakati pa tinzake tofanana nako, moti ndinafanizira ndi mapu katatu ndisanakhutire kuti ndi komweko. Mame anayamba kutsika, zala zinauma ndi kuzizira, koma kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe. Kutatsala mphindi zisanu ndinayamba kujambula. Nthawi yoloseredwa inakwana, nyenyezi ili pomwepo, ndipo ndinali nditayamba kuganiza kuti mthunzi watilambalala pamene inazima kamodzin'kamodzi, osati mwapang'onopang'ono, monga nyali imene munthu waiuzira. Ndinawerenga chamumtima mpaka kupitirira 30, osapuma bwino, osayerekeza kukhudza chilichonse, kenako inabwerera mwadzidzidzi monga inazimira. Ndinatembenuka kuti ndimugwire chanza mnzanga uja, ndipo m'pamene ndinaona chingwe cha GPS chili gone pansi, pamalo pake pa kompyuta atalumikizapo foni yake.

Munthu wamkulu ndithu, amene ndinamufotokozera kawiri konse ntchito ya chingwecho, anachizula kuti atchaje foni. Nditamufunsa anangoyankha kuti kompyuta ili ndi wotchi yake, ndipo mpaka lero sanapepese, amanena kuti ndimakulitsa nkhani. Amene ankasonkhanitsa zotsatira anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti nthawi yanga inachokera kuti. Kutalika kwa mzere wanga kunadziwika, koma pamene mzerewo uyenera kukhala poyerekeza ndi mizere ya anzathu panalibe wotsimikiza, motero anauika pambali.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ntchito imeneyi imalemera ndi tizigawo ta sekondi. Mphete ziwiri zozungulira Chariklo, chinthu chaching'ono chozungulira dzuwa kutali kwambiri, zinapezeka mu 2013 chifukwa nyenyezi inaphethira mwachidule chinthucho chisanaiphimbe ndiponso chitadutsa, ndipo mphete ya Haumea, chinthu china cha kuseri kwa Neptune, inapezeka mwanjira yomweyo mu 2017. Arrokoth, amenenso ali kuseri kwa Neptune, ndi wotalika makilomita pafupifupi 36 okha, koma pa 17 Julayi 2017 matelesikopu asanu amene anandandalikidwa kumwera kwa Argentina anagwira kuzima kwa nyenyezi imene anaiphimba, ndipo maonekedwe a zibulunga ziwiri amene anatuluka pamenepo anatsimikizika pamene chombo cha m'mlengalenga cha New Horizons chinadutsa pafupi naye pa 1 Januwale 2019. Zonsezi zinatheka chifukwa mawotchi awo ankagwirizana.

Tsono inu yesani zida zanu zonse usiku wa dzulo lake pa nyenyezi yomweyo, yambani kujambula mphindi zingapo nthawi isanakwane ndipo mupitirize itadutsa, chifukwa mphete kapena kamwezi kakhoza kuonekera kumeneko. Nyenyezi ikapanda kuzima mutumizebe lipoti, popeza limasonyeza pamene chinthucho chikuthera. Musalole munthu aliyense kuyandikira zingwe zanu. Komabe musapite nokha, chifukwa simungathe kuyang'anira nyenyezi, mame ndi wotchi nthawi imodzi, ndipo ngati GPS simuipeza tsikulo lisanafike, gwirizanitsani wotchi ya kompyutayo ndi nthawi ya pa intaneti mutatsala pang'ono kuyamba, mujambulebe, kenako muwauze moona mtima osonkhanitsa zotsatira mmene nthawiyo munaipezera.